Mmene ndimaphunzitsira mbiri ya makompyuta kusekondale ngakhale labu ili ndi makina anayi okha

Aphunzitsi anzanga a Computer Studies, makamaka inu muli m'ma CDSS kuno ku Thyolo ndi uko ku Mulanje, ndati ndikugawireniko mmene ineyo ndimaiyendetsera topiki ija ya mbiri ya makompyuta, chifukwa ambirife zimene timachita n'kungodzaza bolodi, first generation vacuum tubes, second generation transistors, ana akopere, aloweze, mayeso akangodutsa zonse zauluka. Ndipo anawo sindiwaimba mlandu ayi, chinthu choti sunachigwirepo m'manja ungachisunge bwanji m'mutu? Mwana wochokera ku Thekerani woti kompyuta amangoionera pawindo la labu, iwe n'kumamuuza za vacuum tube, kwa iyeyo likungomveka ngati dzina la mankhwala a kuchipatala.

Ine pasukulu pathu makompyuta oyaka alipo anayi okha, akufa ali mulu pakona, kalasi ikadzaza ana amapitirira 60, za magetsi nde mukudziwa kale sindinenanso. Koma topiki imeneyi ndi imene ana amaidikirira, olo aja amathawa piriyodi yamasana amabwera. Chimene ndinatulukira n'chakuti mbiri ya kompyuta siili m'buku mokha, ili mubokosi momwemo, ili pa kiyibodi, ili pa sikirini, ili m'foni imene ili m'thumba mwanumo, ife ntchito yathu n'kungoloza kuti taonani apa. Zonsezi zimanditengera masabata atatu, nthawi zina anayi magetsi akavuta, ndipo theka lake silifuna magetsi n'komwe.

Sitepe 1: Sakani zakufa

Musanaphunzitse kalikonse pitani kaye kustolo ya sukulu mukafukule. Sukulu imene inalandirapo makompyuta athandizo nthawi zambiri imakhala ndi akufa angapo kuseri kwa makatoni a mabuku akale, palibe amawalabadira. Pemphani ahedi, musangonyamula, chifukwa katundu ameneyo analembedwa m'buku ndipo tsiku lina adzamufunsa. Ngati kwanuko kulibe, anyamata okonza mafoni ndi oberna nyimbo pa Luchenza, pa Bvumbwe, pa Chitakale kaya ku Limbuli amakhala ndi zidutswa pansi pa tebulo, hard disk yakufa, RAM yakale, kiyibodi yothothoka mabatani, mukawafotokozera mwaulemu kuti achimwene n'za ana asukulu izi, ambiri savuta.

Zofunika ndi bokosi limodzi la desktop lathunthu, sikuludilaiva ya sitala, kiyibodi, mausi yakale ija yokhala ndi kampira pansi, ndi foni yakufa imodzi. Mukapeza floppy disk ndiye kuti mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Taipilaita nayo muifunse kuparishi kapena kwa agogo amene anagwirapo ukalaki kuesiteti, kungobwereka tsiku limodzi basi. Ndiyeno thabwa la bawo, musadabwe, lili ndi ntchito yake kutsogoloku.

Sitepe 2: Tsegulani bokosi ana akuona

Apa chitetezo kaye. Zulani pulagi kukhoma, dinani batani loyatsira mugwirizire masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, kenako gwirani chitsulo cha bokosilo musanapise dzanja mkati, chifukwa kamoto kaja kamathetheka mukamavula juzi usiku kakhoza kupha ma chip. Zinthu ziwiri musatsegule zivute zitani ndipo anawo muwauze mobwerezabwereza, kabokosi ka power supply ndi monita yakale ija yachimbuyo, zimenezo zimasunga moto olo mutazizula pamagetsi ndipo zikhoza kuvulaza munthu.

Mukatsegula musathamangire kutchula mayina. Asiyeni asuzumire gulu ndi gulu, afunse okha. Kenako zulani RAM, hard disk, ka batire kokhala ngati ndalama yachitsulo kolembedwa CR2032 kamene kamasunga deti ndi nthawi, pomaliza chotsani fani mutulutse processor, ubongo wa kompyutayo, muipereke iyende dzanja ndi dzanja mpaka kubenchi yomaliza. Nkhani ya ma generation muiyambire pamenepo processor ili m'manja mwawo. Auzeni kuti mu 1945 ku University of Pennsylvania ku America anamaliza makina otchedwa ENIAC, anali ndi ma vacuum tube pafupifupi 18,000, kulemera kwake matani pafupifupi 30, kudzaza chipinda chachikulu kuposa kalasi yanuyo kutalitali. Tube muiyerekeze ndi babu yakale ija yagalasi yokhala ndi kawaya koyaka mkati, imatentha, imadya magetsi, imapsa. Tsono taganizani mababu 18,000 m'chipinda chimodzi, imodzi ikapsa muisake. Ana amamva pompo chifukwa chake anthu ankafunitsitsa china cholowa m'malo mwake.

Chinacho chinabwera mu 1947 ku Bell Labs, transistor, imagwira ntchito yomweyo yotsegula ndi kutseka njira ya magetsi koma ndi yaing'ono, siitentha kwambiri. Mu 1958 Jack Kilby wa ku Texas Instruments anaonetsa kuti zidutswa zingapo zikhoza kukhala pa ka chip kamodzi, ndiyo integrated circuit ija. Mu 1971 kampani ya Intel inatulutsa 4004, ubongo wonse wa kompyuta pa ka chip kamodzi, ma transistor 2,300. Kamene ali nako m'manjako kali ndi mamiliyoni, za masiku ano ndiye mabiliyoni. Ma generation anayi atha pamenepo ndipo simunalembe olo mzere umodzi pa bolodi.

Ndisanachoke apa, ena mwa makina amene timati akufa sanafe ayi. Chaka china mtsikana wina, wofatsa woti m'kalasi sakweza dzanja, ndinamupatsa RAM kuti apukute timano take tagolide ndi labala wa pensulo, anapukuta pang'onopang'ono, kuuzira, kuibwezera mpaka timapini tam'mbali tinalira kuti thwa, titalumikiza magetsi makinawo analira kamodzi kuti bii, sikirini n'kuwala. Kalasi yonse inaimirira. Iye anangogwira pakamwa n'kunena kuti aphunzitsi, ndiye kuti ndakonza ineyo? Imodzi mwa anayi aja ndi imeneyo. Kuno kwathu chinyontho cha chiperoni chimachititsa dzimbiri pa timano timeneti, ndiye musanaiweruze kompyuta kuti yafa yesani kaye labala.

Sitepe 3: Mangani chingwe cha zaka

Ili ndi phunziro la tsiku lopanda magetsi. Pezani chingwe chotalika mamita 8 kapena kuposerako, muchimange kuchokera pawindo lina kufika lina, masentimita 10 aliwonse akhale chaka chimodzi kuyambira 1945. Dulani makatoni timakhadi, bwerekani mapegi oyanikira zovala. Chinsinsi chake ndi ichi, makhadi akhale amitundu iwiri, ena a makompyuta, ena a zochitika kwathu kuno, chifukwa 1975 payokha kwa mwana siitanthauza kanthu mpaka itagundana ndi chinthu chimene akuchidziwa.

Ndiye 1964 ufulu wa dziko lathu, nthawi imeneyo makompyuta akadali a maboma, mayunivesite ndi makampani akuluakulu. 1971 kwacha ikulowa m'malo mwa paundi, chaka chomwecho Intel 4004. 1975 likulu likusamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, chaka chomwecho Altair 8800 ikutuluka ndipo Microsoft ikubadwa. 1976 Steve Wozniak ndi Steve Jobs akuyambitsa Apple. 1977 makina atatu nthawi imodzi, Apple II, Commodore PET ndi TRS-80, oti munthu ukagula sumachita kulumikiza wekha zamkati. 1979 VisiCalc. 1981 IBM PC, komanso BBC Micro ku Britain. 1982 Commodore 64 ndi ZX Spectrum. 1984 Macintosh. 1985 Windows yoyamba. 1991 madzi a Napolo ku Phalombe amene makolo ambiri kuno amawakumbukira mpaka lero, chaka chomwecho mnyamata wa payunivesite ku Helsinki, Linus Torvalds, akutulutsa Linux, ndipo World Wide Web ya Tim Berners-Lee ikutsegulidwira anthu onse. 1994 chisankho cha zipani zambiri ndi pulayimale yaulere, 1995 Windows 95 ndi batani lake la Start, 1999 wailesi yakanema ya dziko lathu ikuyamba, 2007 iPhone, 2014 MUST ikulandira ophunzira ku Ndata konkuno ku Thyolo. Khadi lomalizali musalisiye, ana athu ena sadziwa kuti yunivesite ya sayansi ili m'boma lawo lomwe.

Makhadiwo apachike okha anawo, ayeze ndi rula. Akamaliza auzeni abwerere kukhoma ayang'ane chingwe chonse. Aona kuti koyambirira makhadi ali patalipatali, koma kuchokera 1975 kufika 1985, mita imodzi yokha, makhadi apanikizana mpaka mapegi akusowa pogwira. Funsani kuti n'chifukwa chiyani, musayankhe msanga, alimbane nazo kaye. Yankho lili pa khadi la 1971, processor itakhala ka chip kamodzi kogulika musitolo, kupanga kompyuta kunasiya kukhala kwa makampani akuluakulu okha, anyamata m'magalaja ndi m'zipinda zogona anayamba kumanga zawo. Mwana akalitulukira yekha yankho limeneli saliiwalanso.

Homuweki yake, akafunse wamkulu aliyense kunyumba kuti kompyuta kaya taipilaita anaiona koyamba liti ndipo kuti. Zimene amabwera nazo n'zokoma zedi, wina agogo ake ankataipa malisiti ndi kaboni pepa kuofesi ya esiteti, wina amalume ake anaiona kubanki ku Limbe. Zimenezonso zikwere pa chingwe.

Sitepe 4: Bawo ndi Altair

Iyi ndi imene ndimaikonda kuposa zonse. Altair 8800 inapangidwa ndi kampani yaing'ono ya MITS ku Albuquerque, mwini wake Ed Roberts, inaonekera pachikuto cha magazini ya Popular Electronics ya January 1975, ndipo ankaigulitsa zidutswa madola pafupifupi 400, ukalumikize wekha kunyumba. Inalibe kiyibodi, inalibe sikirini. Kutsogolo kwake kunali timaswitchi ndi timagetsi tofiira basi, ukafuna kuiuza kanthu umakweza ndi kutsitsa timaswitchito, kukweza ndi 1 kutsitsa ndi 0. Memori yake inali ma byte 256.

Tsono ikani thabwa la bawo patebulo. Mzere uliwonse uli ndi maenje 8, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8, zikungokwanirana ngati anachita kupangana. Lembani ndi choko pamwamba pa maenjewo kuchokera kumanzere, 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1. Lamulo ndi limodzi, dzenje lililonse mwina muli kamwala kamodzi kapena mulibe, kuunjika kulibe. Muli kamwala ndi 1, mulibe ndi 0, ndipo nambala mumaipeza pophatikiza maenje okhala ndi timiyala. Yambani ndi zophweka, 5 ndi dzenje la 4 ndi la 1. Zaka za mwana, 16, kamwala kamodzi kokha. Kenako afunseni nambala yaikulu kwambiri imene mzere umodzi ungasunge, adzaze maenje onse aphatikize, apeza 255.

Zikalowa m'mutu pitani ku zilembo. Mu ASCII, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, chilembo A chachikulu ndi 65, ndiye kuti dzenje la 64 ndi la 1, B ndi 66, kumapita choncho mpaka Z amene ndi 90. Ine ndimawalembetsa mawu oti TIYI chifukwa ali ndi zilembo zinayi ndipo thabwa lili ndi mizere inayi. T ndi 84, maenje a 64, 16 ndi 4. I ndi 73, maenje a 64, 8 ndi 1. Y ndi 89, maenje a 64, 16, 8 ndi 1. Kenako I kachiwiri. Thabwa lonse latha ndi liwu limodzi. Gulu lina liyale mawu mobisa, gulu lina libwere liwerenge, mudzaona mkangano wake, ndipo ngati thabwa ndi limodzi ena akumbe timaenje panja pansi ngati mmene amachitira posewera.

Apa ndiye mufunse kuti memori ya Altair inali matabwa angati. 256 kugawa ndi 4, matabwa 64. Meseji imodzi ya pafoni imalola zilembo 160, ndiye kuti mameseji awiri odzaza sakanakwanamo. Ana amaseka, koma akumbutseni kuti makina amenewa ndi amene Bill Gates ndi Paul Allen anawalembera BASIC yawo, chilankhulo cholembera mapulogalamu, atawonjezera memori, kuti munthu azitha kulemba mawu m'malo mokweza timaswitchi, ndipo Microsoft inayambira pamenepo. Awiriwa anadziwana ali ana asukulu ku Lakeside ku Seattle. Inali sukulu ya ana a anthu opeza bwino, tisanamizane, komabe cha m'ma 1968 nayonso inalibe kompyuta yakeyake, inali ndi makina otaipira olumikizidwa pa waya wa telefoni ku kompyuta ina kutali, nthawi yake yochita kulipira, ndipo ndalama zoyambira anasonkha ndi gulu la amayi a pasukulupo pogulitsa katundu wakale. Nkhani imeneyi ndinakaifotokozanso ku mother group yathu, ndipo nsalu zimene timafundikira makina athu lero anasoka ndi iwowo.

Sitepe 5: Spreadsheet ya anthu

Funso limene ana anzeru amafunsa ndi loti, chabwino makina anatsika mtengo, koma munthu wamba ankawagula kuti atani nawo? Funso labwino, ndipo yankho lake lalikulu ndi VisiCalc, spreadsheet yoyamba ya pa makompyuta ang'onoang'ono, imene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa mu 1979 pa Apple II. Bricklin anali wophunzira za bizinesi ku Harvard, kumene masamu a ndalama ankachitikira pa bolodi ndi papepala, nambala imodzi ikasintha kufufuta n'kuwerengeranso zonse. VisiCalc itabwera anthu abizinesi anayamba kugula Apple II chifukwa cha pulogalamu imodzi yokhayo. Kenako kunabwera Lotus 1-2-3 mu 1983, kenako Excel.

Kuti ana aumve ululu umene VisiCalc inachotsa, musayatse kompyuta kaye. Tulukani panja, jambulani pansi mabokosi, mizere yotsika inayi A, B, C, D ndi yopingasa isanu, kuyambira 2 mpaka 6 poti woyamba ndi wa mitu, mubokosi lililonse muime mwana ndi pepala lake. A ndi katundu, nanazi, nthochi, mapeyala, chinangwa, zomwe amaziona pamsewu tsiku ndi tsiku. B ndi kuchuluka kwake, C ndi mtengo, mitengoyo atchule okha amaidziwa kuposa ife. Ana a mu D alibe nambala yawoyawo, papepala pawo palembedwa lamulo, wa D2 lake ndi B2 kutaimusa C2, ndipo wapansi penipeni ntchito yake n'kuphatikiza ma D onse. Akamaliza kuwerengera, inu mungofuula kuti nanazi wakwera mtengo! Wa C2 asinthe, wa D2 awerengerenso, wa totala nayenso ayambirenso. Asanapume nenani kuti nthochi zina zaola, chotsani khumi. Kachitatu kokha wa totala uja adandaula kuti aphunzitsi tatopa.

Ndi nthawi imeneyo yolowa mu labu. Tebulo lomwelo alitaipe mu Excel kapena LibreOffice Calc, mu D2 alembe =B2*C2, akokere pansi, mu D6 alembe =SUM(D2:D5). Ndiyeno asinthe mtengo wa nanazi adine Enter. Musalankhule kanthu, ingoyang'anani nkhope zawo totala ikasintha yokha. Mwana wina bambo ake ndi kalaki wolemba makilo a tiyi pa sikelo, anakhala chete kanthawi kenako akuti, ndiye kuti adadi atakhala ndi ichi sangamagone mochedwa kumapeto kwa mwezi. Ameneyo 1979 anaimvetsa kuposa mmene buku lililonse likanamuuzira.

Sitepe 6: Bisani mausi, alowe mu 1981

Pa 12 August 1981 IBM inatulutsa PC yake, model 5150, processor ya Intel 8088, yotsika mtengo kwambiri inali ndi memori 16KB pa madola 1,565. Pa bawo paja amenewo ndi matabwa 4,096, awerengere okha. Chofunika kuti ana amve n'chakuti IBM sinapange zonse yokha, processor inagula kwa Intel, DOS, pulogalamu yoyendetsa makinawo, inatenga kwa Microsoft, ndipo Microsoft inali ndi ufulu wogulitsanso MS-DOS kwa makampani ena. Zitatero Compaq ndi ena anayamba kupanga makina oyendera mapulogalamu omwewo. N'chifukwa chake mu labu mwanumo muli Dell, HP, Lenovo, mayina osiyana koma fulashi imodzi, Windows imodzi, zonse zikumvana.

Tsopano zulani mausi zonse muziike m'thumba. Mwana adine batani la Windows pamodzi ndi R, ataipe cmd, adine Enter. Sikirini yakuda ija si DOS yeniyeni koma malamulo ake ndi omwewo anachokera kumeneko. Ataipe dir aone zimene zilimo. Ataipe md SUKULU kupanga foda, cd SUKULU kulowamo, echo Moni > moni.txt kupanga fayilo, type moni.txt kuiwerenga, cd ndi madontho awiri kutuluka, cls kupukuta sikirini. Malamulo a del ndi format musawaphunzitse tsiku limeneli. Akalakwitsa chilembo chimodzi makina akana, ndipo n'zimene tikufuna, aone kuti kale umayenera kuloweza chilichonse. Auzeninso kuti mu DOS dzina la fayilo silinkapitirira zilembo 8, kenako dontho ndi zilembo 3. THYOLO ikukwana, MULANJE ikukwana, LUCHENZA yangokwanira ndendende, koma CHITAKALE, LIKHUBULA ndi THEKERANI zadulidwa mchira. Aliyense ayese dzina la mudzi wake. Mayina aatali anabwera ndi Windows 95.

Za kagawidwe ka makina, apa mpamene ambiri timalakwitsa. Mukangoti lowani, anyamata aja anazolowera kwa oberna nyimbo akhala pampando mpaka belu, atsikana aima kumbuyo kuonerera. Ine ndimaika anayi pa makina amodzi, wotaipa, wowerenga malamulo, wolemba zotuluka m'kope, ndi woyang'ana nthawi, mphindi zitatu zikakwana asinthane, ndipo dzina la aliyense amene wakhudza kiyibodi ndimalichonga mu rejisitala. Otsala panja sakhala chabe, ali ndi ma kiyibodi ojambula pa katoni saizi yeniyeni, zala pa ASDF ndi JKL, akuyeserera malamulo omwewo kuti akalowa asakatayenso nthawi kusaka chilembo.

Sitepe 7: Bwezani mausi, musake zipsera zakale

Mukawabwezera mausi amachita kupuma. Atsegule foda ija ya SUKULU ndi kudina kawiri, aone moni.txt ili momwemo. Apa auzeni kuti mausi yoyamba inali kabokosi kathabwa, nzeru za Douglas Engelbart amene anaionetsa poyera mu 1968, a Xerox anaigwiritsa ntchito pa makina awo a Alto mu 1973 pamodzi ndi mawindo pa sikirini, koma anthu ambiri anadzaidziwa ndi Macintosh mu 1984. Tsegulani mausi yakampira ija aone timawilo tiwiri mkati, kena koyenda chopingasa kena chotsika.

Kenako masewera osaka. Chithunzi cha Save n'chiyani? Tulutsani floppy disk muiike pambali pa sikirini, mudzamva aaa m'kalasi monse. Inkasunga 1.44MB, chithunzi chimodzi cha foni yamakono nthawi zambiri sichingakwanemo. Nanga hard disk imatchedwa C bwanji osati A? Chifukwa A ndi B anali malo a ma floppy. Nanga zilembo zinasokonekera bwanji kukhala QWERTY? Zinachokera ku taipilaita ya Christopher Latham Sholes imene Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Ngati munabwereka taipilaita ija adine Shift aone chitsulo chikunyamuka ndithu, ndipo akankhe chogwirira chobwezera pepala kumayambiriro a mzere, ndicho kamuvi kokhota kali pa Enter.

Sitepe 8: Foni

Tsegulani foni yakufa ija pambali pa bokosi la desktop, asake okha kuti processor ili pati, memori ili pati, batire, sikirini. Ambiri sakhulupirira kuti foni ndi kompyuta mpaka ataona. Ndiyeno bwererani pa chingwe, khadi la 1981 la BBC Micro. Makina amenewo anapangidwa ndi kampani ya Acorn ku Cambridge ndipo anadzaza m'masukulu a ku Britain, ana ambiri anaphunzirira pamenepo kulemba mapulogalamu. Akatswiri a Acorn omwewo, Sophie Wilson ndi Steve Furber, ndi amene anapanga processor ya ARM imene inayaka koyamba mu 1985, yosadya magetsi ambiri, ndipo mbadwa zake ndi zimene zili pafupifupi mu foni iliyonse yamakono, kuphatikizapo imene amayi awo amalandirira ndalama. Ine mfundo imeneyi imandikhudza nthawi zonse, kuti kachipangizo kali m'thumba mwa wogulitsa nthochi pa Bvumbwe mzere wake ukuchokera kwa anthu amene ankapanga kompyuta ya m'kalasi.

Sitepe 9: Tsopano lembani manotsi

Mayeso a MANEB sitingawaiwale, ana ayenera kudziwa kuyankha monga silabasi ikufunira. Koma manotsi abwere pomaliza, ndipo tebulo la ma generation alidzaze okha m'magulu, generation, chipangizo chake, kukula, kutentha, liwiro, chitsanzo, inu muzingokonza masipelo ndi Chingerezi. Kukambirana kukhale m'Chichewa momasuka, kulemba kokha ndiye m'Chingerezi chifukwa pepala lidzabwera choncho. Apatseni mafunso a mapepala akale awiri atatu, mudzaona kuti amene anagwira processor m'manja sasokonezanso transistor ndi integrated circuit.

Mukamaliza, zomangira zonse muziike m'kachitini kamodzi, zidutswa zilowe mu katoni yolembedwa bwino kuti chaka chamawa musadzayambirenso kusaka. Makina oyaka asakhale pansi pasimenti kapena kugunda khoma, miyezi ya chiperoni muziwayatsa kawirikawiri magetsi akapezeka kuti chinyontho chisakhazikike, mawindo atsekedwe, ndipo mu labu musalowe chakudya chifukwa nyerere ndi mphemvu zikalowa mubokosi nde mavuto ena. Chingwe chisiyeni chipachikike mpaka kutsekera teremu, ana a makalasi ena amaima n'kumawerenga. Thabwa la bawo lokha mubweze tsiku lomwelo, eni ake madzulo amalifuna pansi pa mtengo paja.